Chimbale cha white label chikamadumpha, musathamangire kulemeretsa singano

Chimbale choyamba chimene ndinachipha ndi manja angawa ndinachigula ku Manchester, m'kasitolo kena ka m'chipinda cha pansi, m'bokosi la zimbale zopanda zikuto. Pakati pake panali pepala loyera mbee. Dzina la woimba panalibe, la nyimbo panalibe, kungoti kachidindo kofiira kofufutika ndi chilembo A cholembedwa ndi bolopeni. Mbali imeneyo inali ndi nyimbo ya disco ya m'ma 1970 imene wina anaiduladula n'kuilumikizanso, ng'oma zikuyenda zokha kwa mphindi ziwiri mawu asanalowe. Nditafika nacho kunyumba chinkadumpha pamalo amodzi, pomwe besi imalowera. Ndinachita zimene ndinkaona akuluakulu akuchita kwathu ndili mwana: chimbale cha simanjemanje chikakakamira pa galamafoni, ankasanjika kabokosi ka machesi kapena kandalama pamutu pa mkono. Ndinamatirira kandalama ka 1p ka ku Britain ndi selotepi, chimbale chinadutsa, mtima unakhala m'malo. Kandalama kameneko kamalemera magalamu 3.56, pamwamba pa magalamu 3 amene singano inali ikukanikiza kale. Patapita milungu ingapo malo aja anali atatuwa, ndipo besi ikamalowa kunkamveka ngati nsalu ikung'ambika. Ndinadzazindikira mochedwa kuti chimbalecho chinalibe mlandu. Shelefu inali yopendekera, singano inali yakutha. Mpaka lero sindinakumanenso ndi china chonga icho.

Apa ndi pamene white label, chimbale cha pepala loyera chonga chimenechi, imasiyanira ndi chimbale wamba. Cha kampani yaikulu chikawonongeka mumakagula china. White label amadinda zochepa, kawirikawiri mazana owerengeka, zikatha zatha. Zina ndi zoyesera za kufakitale, zina ndi zogawira ma DJ nyimbo isanatuluke, koma za ma edit (nyimbo za ena zoduladula n'kulumikizanso) zambiri zimakhala zopanda dzina mwadala, chifukwa wozipanga sanapemphe chilolezo kwa eni nyimbo. Mwambowu ndi wakale. Ku New York m'ma 1970 anthu ngati Tom Moulton ndi Walter Gibbons ankatalikitsa nyimbo kuti ovina asazizire, ndipo chimbale cha mainchesi 12 chokhala ndi nyimbo imodzi chinayamba kugulitsidwa m'masitolo mu 1976. Ku Chicago, Frankie Knuckles ku Warehouse ndi Ron Hardy ku Music Box ankavinitsa anthu ndi ma edit odulidwa ndi lezala pa tepi. Ku Britain nyimbo za jungle, garage ndi grime zinkafalikira momwemo: munthu kudinditsa mabokosi angapo, kuwalongedza kumbuyo kwa galimoto, n'kuzungulira nawo masitolo. Chimbale chopangidwa mwachangu, ndi ndalama za m'thumba, chimene mizere yake inadulidwa mokweza mawu kuti chigwedeze kalabu, sichikhala chofatsa pa singano. Chikavutanso palibe wokamudandaulira.

N'chifukwa chake ndondomeko ili m'munsiyi imayamba ndi zinthu zosakhudza chimbale, kenako zochikhudza pang'ono. Zosabwezeka zili kumapeto, ndipo zina mwa izo ndikukuletsani.

Yambani mwapeza wolakwa

Tengani chimbale china chimene mumachidziwa bwino, chabesi yamphamvu, chimene sichinavutepo. Chiseweretseni pa turntable (makina oseweretsera zimbale) yomweyo. Nachonso chikadumpha, white label yanu ibwezereni m'thumba mwake, vuto lili pa makina. Chikadutsa bwinobwino, musagamule mlandu msanga, chifukwa ma edit ena amadulidwa mokweza kuposa zimbale zanu zonse. Nyamulani chovutacho mupite nacho kwa mnzanu amene ali ndi makina otchera bwino, kapena kusitolo ya zimbale kumene amalola kumvetsera. Chikayenda kumeneko osatsokomola, mwadziwa kuti makina anu ndi amene akuchepa mphamvu.

Kenako mvetserani kadumphidwe kake, pakuti kamanena zambiri. Singano ikamadumpha paliponse, lero apa mawa apo, nthawi zambiri ndi kugwedezeka kwa tebulo kapena kupepuka kwa mkono. Ikamadumpha pamalo amodzi nthawi zonse, ndiye kuti pamenepo pali kanthu: chitsotso chomatirira, pokalika, kapena mzere wokhotakhota kwambiri chifukwa cha besi. Ikamadumpha koyambirira kwenikweni kwa mbali, yang'anani ngati m'mphepete mwa chimbale mwapindika. Ikamabwerera m'mbuyo n'kumabwereza kamzere komweko, china chake chikuikoka kunja kapena kuitchinga. Ndipo kaphokoso ka "thi" kobwera mwa nthawi yofanana, masekondi 1.8 aliwonse pa liwiro la 33 kapena 1.3 pa liwiro la 45 (33 ndi 45 ndi maulendo amene chimbale chimazungulira pa mphindi), ndi pokalika podutsa mizere ingapo, chifukwa imeneyo ndiyo nthawi imene chimbale chimazungulira kamodzi.

Makina

Levulo ija ya amisiri omanga, yaing'ono, iikeni pambale yozungulira ya turntable, osati pa tebulo. Yesani kumanzere ndi kumanja, kutsogolo ndi kumbuyo. Miyendo ya makina ambiri a ma DJ imapotoka, ndiye mukhoza kukweza mbali imodzi. Nyumba zambiri zakale za ku Britain zili ndi pansi pa matabwa popendekera komanso posunthika munthu akamayenda. Zikatero shelefu yokhomera kukhoma la njerwa imathetsa nkhani kuposa china chilichonse chimene mungagule.

Tsopano kulemera kwa singano, kumene ambiri timalakwitsa. Ikani kagudumu ka anti-skate ka pambali pa mkono pa 0, masulani mkono, muzipotoza chitsulo cholemera cha kumbuyo mpaka mkonowo uziyandama wokha mosapendekera. Gwirani chitsulocho chisasunthe, sunthani kamphete ka manambala kokha kafike pa 0, kenako potozani zonse pamodzi kufika pa nambala imene opanga singano yanu analemba. Masingano sali ofanana. Audio-Technica AT-VM95E imafuna magalamu 1.8 mpaka 2.2, Shure M44-7 imene inasiya kupangidwa mu 2018 imafuna 1.5 mpaka 3, pamene ma Ortofon Concorde ambiri a m'makalabu amakhala cha pa 3 kapena kupitirira pang'ono. Kasikelo kakang'ono koyezera singano n'kotsika mtengo kuposa chimbale chimodzi, ndipo kamanena zoona kuposa kamphete kaja.

Pali chikhulupiriro choti singano yopepuka imasunga zimbale. Si zoona. Singano yopepuka mopitirira imanjenjemera mkati mwa mzere n'kumamenya makoma ake, ndipo imakukuta chimbale kuposa singano yokhala pamulingo wake. Kwa ma edit okweza, kwerani mpaka nambala yapamwamba imene opanga analola, muimire pomwepo. Kupyola apo kandodo konyamula singano kamaphwatalala, nsonga imalowa mopendekera, ndiye mwayamba ntchito imene ndinagwira ine ndi kandalama kaja.

Anti-skate ndi kagudumu kamene kamakokera mkono kunja, polimbana ndi mphamvu imene imaukokera pakati chimbale chikamazungulira. Poyambira iikeni pa nambala yofanana ndi kulemera kwa singano. Makina ogula kwa DJ wokonda kukwecha zimbale ndi dzanja nthawi zambiri amabwera ili pa 0, ndipo singano imathamangira kutsogolo besi ikagunda. Ikachuluka, singano imabwerera m'mbuyo. Sunthani pang'onopang'ono, theka la nambala, n'kuyesanso.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimaiwalika. Choyamba ndi kachitsulo konyamulira mkono: kakapanda kutsika mpaka pansi kamakhudza mkono mwakachetechete, makamaka pa chimbale chopyapyala kapena slipmat (kansalu koyala pansi pa chimbale) yopyapyala, ndiye singano imalendewera. Weramani muyang'ane cha m'mbali, payenera kuoneka kampata. Chachiwiri ndi malo a katiriji, kabokosi konyamula singano, pamutu wa mkono. Pa Technics SL-1200 MK2, makina amene akhala m'makalabu kuyambira 1979, nsonga ya singano imayenera kukhala mamilimita 52 kuchokera polumikizira mutu, ndipo kapulasitiki koyezera kankabwera ndi makinawo. Katiriji ikakhota, nyimbo imayamba bwino koma poyandikira pakati mawu a "s" amayamba kulavula. Pakati m'povuta kale mwachibadwa: m'mphepete mzere umadutsa pansi pa singano pafupifupi masentimita 50 pa sekondi pa liwiro la 33, pamene cha pakati umadutsa pafupifupi 20 okha, choncho mawu omwewo amapanikizana pamalo ochepa.

Singano imatha. Ikagwira ntchito maola mazana angapo nsonga yake imakhala ngati chizulo. Mukagula makina ogwiritsidwa kale ntchito, musaike white label iliyonse musanasinthe singano, kaya wogulitsa alumbire bwanji kuti ndi yatsopano. Nthawi zinanso siinathe, yangovala kampira ka fumbi. Ipukuteni ndi kabulashi kake kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, osati cham'mbali, osatinso ndi chala.

Ngati kudumpha kapena kulilima kumayamba mukakweza voliyumu, ndiye kuti masipika akugwedeza singano. Asakhale pa tebulo limodzi ndi turntable, ndipo chivundikiro cha pulasitiki chichotseni pomvetsera chifukwa chimatola besi ngati ng'oma. M'makalabu amaika turntable pa chimwala cha konkire chokhazikika pa timipira todula pakati. Kulilima kosalekeza ngakhale singano ili m'mwamba ndi nkhani ya magetsi: kawaya kowonda kamasuka pa kasukulufu kolembedwa GND kuseri kwa mikisa, makina osakanizira mawu amene turntable imalumikizidwako. Mawu otsika kwambiri opanda besi akutanthauza kuti mwalowetsa mawaya pa LINE m'malo mwa PHONO.

Musanathire madzi, dziwani chimene mwagwira

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa kulakwitsa kwa pano sikubwezeka. M'mabokosi a ma white label mumasakanikira ma dubplate. Dubplate ya acetate si chimbale chodinda ayi. Ndi mbale ya aluminiyamu yokutidwa ndi utoto wofewa wa lacquer, imene amaidula imodzi yokha pa makina, monga ankachitira ku Music House ku London kwa ma DJ a reggae ndi jungle. Poiona imafanana ndi zinzake, koma manja amadziwa: ndi yolemera, siipindika mukaikanikiza pang'ono, mukaigogoda ndi chikhadabo m'mphepete imalira mwachitsulo, ndipo imanunkha kafungo kakekake konga ka polishi wa zikhadabo. Zambiri zili ndi kabowo kachiwiri pafupi ndi bowo la pakati, nthawi zina kobisika pansi pa pepala. Zambiri ndi za mainchesi 10.

Acetate isakhudzane ndi sipiriti kapena mankhwala aliwonse okhala ndi mowa, chifukwa amasungunula utoto uja pamodzi ndi nyimbo. Mankhwala ena otsukira zimbale ogulitsidwa m'masitolo ali ndi mowa, choncho werengani botolo. Komanso acetate imatha msanga: ikaseweretsedwa kangapo m'makumi mawu apamwamba amayamba kuzimirira. Mukapeza yotere, kuiseweretsa koyamba kukhale kojambulira pa kompyuta.

Mukatsimikiza kuti ndi vinyl, yambani ndi kupukuta kouma. Bulashi ya carbon fibre igwireni mopepuka chimbale chikuzungulira kawiri katatu, kenako muikokere kunja. Ngati kuthetheka sikukutha, tsukani. Ma white label akale anakhala moyo wa m'kalabu: mowa unatayikirapo, utsi wa fodya unamatirira, zala zamafuta zinagwira mizere yoyambirira kambirimbiri. Litsiro lotere bulashi siingalichotse. Gwiritsani ntchito madzi a distilled, onga amene amathira m'batire ya galimoto koma osati asidi wake, pamodzi ndi mankhwala otsukira zimbale. Madzi a pampopi, makamaka a ku London, ali ndi laimu wambiri amene amatsalira m'mizere akauma. Pukutani motsata mizere mozungulira, ndi kansalu kofewa kosasiya ubweya, mutsukuluze ndi madzi omwewo, muimike pa kathandala koumitsira mbale mpaka chiume gwa. Kuseweretsa chimbale chonyowa kumasandutsa fumbi kukhala matope amene amaumira pansi pa mzere.

Pepala la pakati lisanyowe ngakhale dontho. Inki ya chidindo ndi ya bolopeni imasungunuka, ndipo pa white label kachidindo kameneko mwina ndiye umboni wokhawo wa kumene chinachokera. Masitolo ena a zimbale ali ndi makina otsukira okoka madzi kapena a ultrasonic, ndipo amatsuka pa mtengo wochepa. Chimbale chimene mwachilipirira ndalama zambiri chipiteni kumeneko.

Chikamadumphabe pamalo amodzi mutatsuka, tengani tochi ya foni ndi galasi lokulitsira zinthu. Unikirani cha m'mbali, muzizungulitsa chimbale ndi dzanja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, zimatenga nthawi. Mukaona kanthu kotukuka kokhala pamwamba pa mzere, kanyowetseni ndi dontho limodzi, dikirani, kenako mukakankhe ndi kamtengo kotokosera m'mano motsata mzere. Chitsulo ayi, singano yosokera ayi. Kawirikawiri kamakhala kachidutswa ka pepala la thumba kapena kadontho ka chakumwa kouma, ndipo kakachoka chimbale chimachira.

Kuthetheka kwina si litsiro konse. Chimbale chatsopano, m'nyengo yozizira nyumba itatenthetsedwa mpweya n'kuuma, chimagwira magetsi a static: chimanyamuka ndi slipmat pochichotsa, ndipo kuthetheka kwake kumasintha malo nthawi iliyonse. Kutsuka kamodzi ndi kusintha kathumba ka pepala n'kuika kokhala ndi polythene mkati kumachepetsa kwambiri.

Zobadwa nazo

Pali zilema zochokera kufakitale, ndipo ndi bwino kuzidziwa kuti musavutike kutsuka chinthu chosatsukika. Mafakitale ena a ku Chicago m'ma 1980 ankasungunula zimbale zakale n'kudindira zatsopano, moti tizidutswa ta mapepala timaoneka mkati mwa pulasitiki. Totero sititoleka, ndi thupi la chimbalecho. Chilema china ndi pamene pulasitiki sinadzaze bwino mzere podinda: pamaoneka timadontho tonyezimira ngati mikanda, ndipo pamamveka kukhadzula kwakufupi, kawirikawiri sipika imodzi. Chimenechi chilibe mankhwala.

Bowo losakhala pakati penipeni mumalidziwa poyang'ana mkono: umapita uku ndi uku ngati ukukana. Pa ng'oma simumva kwenikweni, koma limba kapena mawu aatali amakwera ndi kutsika ngati woledzera, makamaka chakumapeto kwa mbali, ndipo kulumikiza nyimbo ziwiri kumavuta. Ena amakuza bowo ndi tupa kuti azisuntha chimbale ndi dzanja. Zimathandiza mbali imodzi, koma bowo likakula silibwerera, ndipo mtengo wa chimbale umagwa. Ine sindichita pa chimbale chosowa. Bowo lothina lokha ndi limene ndimalipotoza pang'ono ndi pensulo.

Kupindika kuli pawiri. Chopindika ngati mbale yodyera, mbali ina chotukuka pakati mbali ina chonyamuka m'mphepete, chimagonja mbali yotukuka pakatiyo mukaika cholemetsa kapena chopanira cha pakati. Chopindika m'mphepete ngati funde n'chovuta. Mudzamva malangizo oti muchipanikize pakati pa magalasi awiri n'kuchiika padzuwa kapena mu uvuni. Musayese. Chimatha kuwongoka ndithu, koma mizere imaphwa, nyimbo n'kumamveka "fuu, fuu" pozungulira paliponse. Pali makina owongolera amene amatenthetsa pang'onopang'ono ndi kuziziritsa kwa maola ambiri, ndipo masitolo ena amawongolera anthu pa makina amenewo. Ngati funde ndi laling'ono ndipo singano ikulikwera osanyamuka, lisiyeni.

Mwina sichinawonongeke, mwangochithamangitsa

White label siinena liwiro lake. Ku Britain ndi ku Europe zambiri za mainchesi 12 ndi za 45, za ku America zambiri ndi za 33, ndipo zina mbali imodzi 33 inayo 45. Liwiro la 45 ndi la 33 kuchulukitsa ndi 1.35. Nyimbo ya 120 BPM (kugunda 120 pa mphindi) yodulidwa pa 33 mukaiika pa 45 imafika 162, imene imamveka ngati jungle. Yodulidwa pa 45 mukaiika pa 33 imatsika kufika 89, ngati hip hop. Ngati mulibe mawu a munthu, zonse ziwiri zikhoza kumveka zolondola, ndipo ku Belgium chakumapeto kwa m'ma 1980 mtundu wa nyimbo wa New Beat unabadwa ma DJ akuseweretsa dala zimbale za 45 pa 33. Kwa ma edit a disco ndi boogie werengani kugunda kwa masekondi 15 muchulukitse kanayi: yankho likagwa pakati pa 105 ndi 128, ndiye liwiro lake ndi lomwelo. Mvetseraninso kuwomba m'manja ndi malipenga, zimaulula msanga zikathamangitsidwa.

Singano ikamatsetserekera kunja mutangoitsitsa m'mphepete, yesani kuiika pakati. Zimbale zina za ku Detroit zinadulidwa kuti ziziyambira mkati kupita kunja. Zinanso zili ndi mizere yotsekeka mwadala, imene imabwereza kachidutswa komweko mpaka mutanyamula mkono.

Ndi chimbale chanji chimenechi?

Vuto lina limene limabwerabwera si la mawu koma la dzina. Pepala silinena kanthu, koma pulasitiki imanena. Pakati pa mzere womaliza ndi pepala pali malo osalala otchedwa runout. Pendeketsani chimbale pansi pa nyale muona timalemba, tina tozokota ndi dzanja, tina todinda ndi makina. Pamakhala nambala ya chimbale ndi A kapena B, ndipo nthawi zambiri chizindikiro cha amene anachidula ndi cha fakitale. NSC ndi National Sound Corporation ya Ron Murphy ku Detroit. Nilz ndi Nilesh Patel wa ku The Exchange ku London. "A Porky Prime Cut" ndi siginecha ya George Peckham. D&M ndi Dubplates & Mastering ya ku Berlin, ndipo MPO ndi fakitale ya ku France. Zizindikiro zimenezi zokha zimakuuzani dziko, ndipo nthawi zina nyengo yake.

Koperani zonse monga zilili, mulembe mu kabokosi kofufuzira ka Discogs, tsamba limene linayamba mu 2000 ngati nkhokwe ya zimbale za nyimbo zovina. Likakana, chotsani mipata ndi timizere, sinthani O ndi 0, 1 ndi I, 5 ndi S, pakuti zozokota ndi dzanja zimasokoneza. Shazam, pulogalamu ya pa foni yozindikira nyimbo, nthawi zina imagwira nyimbo yoyambirira imene edit inachokera, bola pitch, chosinthira liwiro pa turntable, ikhale pa 0 ndipo muyese pamene pali mawu oimba. Zonsezi zikalephera, pitani nacho kwa anthu a kuseri kwa kauntala m'masitolo ngati Phonica ku Soho, Piccadilly Records ku Manchester, Rush Hour ku Amsterdam kapena Hard Wax ku Berlin. Safunsa anadya phula. Anthu amenewa zimbale zambiri zinadutsa m'manja mwawo zili zatsopano, ndipo ena amazindikira kachidindo asanamve n'komwe.

Mukalipeza dzina, lembani pa kathumba, osati pa pepala loyera. Ine ndimalembanso dzina la oimba enieni. Ma edit ambiri a zaka zaposachedwa anatengedwa ku disco ya ku Nigeria ndi Ghana komanso bubblegum ya ku South Africa, ndipo ambiri mwa oimbawo sanatchulidwe pena paliponse. Zimandiwawa kuona chimbale chikugulidwa mtengo wokwera chifukwa cha dzina la wodula, pamene mayi amene mawu ake akuvinitsa anthu sakudziwika. Nyimbo yoyambirira ikapezeka yotulutsidwa mwachilolezo, ndimaigulanso.

Runout imathandizanso pa funso lakuti mwagula choyambirira kapena chobwereza. Kudinda kwachiwiri kochokera pa zidindo zomwezo kumakhala ndi malemba omwewo, ndiye pamenepo mumadalira mtundu wa inki ya chidindo, kulemera kwa chimbale ndi kathumba. Koma chokopera pa chimbale china chimadziwulula: kalembedwe ka mu runout n'kosiyana, mawu ndi ofooka, ndipo kuthetheka kumayamba limodzi ndi nyimbo n'kutha nayo, pamene mizere yolowera ili zii. Kuthetheka kumeneko kunajambulidwa, ndiye ngakhale mutsuke kakhumi sikuchoka.

Pogula ndi ponyamula

Discogs inaletsa kugulitsa zimbale zambiri zolembedwa kuti Unofficial Release, kutanthauza zotulutsidwa popanda chilolezo, choncho ma edit ambiri amagulidwa m'masitolo a zakale, pa misika ya zimbale kapena kwa anthu pa intaneti, kumene chitetezo n'chochepa. Wogulitsa akalemba NM kapena VG+, zizindikiro zoti chimbale chidakali chabwino, funsani ngati anachimvetsera kapena anangochiona. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: chimbale cha DJ chikhoza kunyezimira koma masekondi oyambirira atapsa chifukwa chobwezeredwa m'mbuyo pamalo amodzi usiku uliwonse, ndipo pamenepo pamamveka "shhh" ng'oma yoyamba ikamagunda. Pemphani chithunzi cha runout ya mbali zonse ndi kavidiyo ka poyambira. Pemphaninso kuti potumiza achichotse m'chikuto n'kuchipana ndi makatoni olimba.

Kunyumba ziimikeni chilili, zisatsamirane mopendekera, zisasanjikizane, kutali ndi chotenthetsera nyumba ndi zenera. Matumba okhuthala onyezimira a PVC atayeni: pakapita nthawi amasiya chifunga pa chimbale chimene sichichoka ndipo chimamveka. Amene mumapita nazo kumudzi kapena ku Johannesburg, zikhale m'chikwama cha m'manja, zothinana, pakati pa makatoni. M'buti ya galimoto yoima padzuwa la October, ola limodzi likwanira kupinda bokosi lonse. Nthawi ya dzinja chinyezi chimabweretsa chuku m'timatumba ta mapepala, choncho zisakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma lakunja.

Chimbale chimene chakanika zonsezi, chokalika mozama moti singano siingadutse, chijambuleni pa kompyuta ngati fayilo ya mawu ya WAV, kawiri. Ulendo woyamba chilekeni chidumphe. Wachiwiri tsitsani singano patsogolo pang'ono pa malo ovutawo, kapena tsamiritsani chala mopepuka cha m'mbali mwa mutu wa mkono, osati pamwamba, kuti idutse kamodzi kokha. Popeza ma edit amabwereza zigawo, kachidutswa kosowako mumakapeza pena m'nyimbo yomweyo n'kukalumikiza pa pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity. Mukatero bwezerani chimbale m'kathumba katsopano, mulembe ndi pensulo mbali, mphindi imene chimadumpha, liwiro lake ndi zolembedwa mu runout.